Magazi m'chimbudzi kwa miyezi isanu: mayi amene tinawathandiza ndi hydrocortisone wodzera kumunsi

Ndine kilinikala ofesa pa chipatala china muno mu Mzuzu. Nkhaniyi ndi ya mayi odwala ulcerative colitis (matenda otupitsa khungu la m'kati mwa thumbo lalikulu) amene ndakhala ndikuwaona kwa chaka ndi miyezi ingapo. Anavomera kuti ndilembe, bola dzina lawo ndi la sukulu yawo zisatchulidwe. Ndikulembera anzanga a ntchito, makamaka ife a ku OPD (koonera odwala osagonekedwa), amene tikangomva kuti magazi m'chimbudzi dzanja limathamangira kulemba mankhwala a kamwazi.

Momwe anabwerera

Mayiwa ndi mphunzitsi wa ku pulaimale, wa zaka 34. Kwawo ndi ku Ntcheu, kuno anabwera pa ntchito. Amakhala ku Chiputula m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndi amuna awo ndi ana atatu. Chimbudzi ndi bafa zili panja, ndipo amagawana ndi mabanja ena awiri. Za nyumbazi sindinafunse tsiku loyamba, ndinadzazidziwa mochedwa, titataya kale milungu iwiri.

Anafika mwezi wa June, kukuzizira. Anandiuza kuti kwa miyezi isanu akhala akuona magazi ndi zoterera ngati mamina akapita kuchimbudzi. Amapitako kasanu patsiku, mothamanga, koma akafika kumangotuluka timagazi ndi zotererazo. Akatuluka amamvabe ngati sanamalize. Chimbudzi chenicheni chimabwera pakatha masiku awiri kapena atatu, cholimba ngati cha mbuzi. Anali atasiya kudya m'mawa poopa kusiya ana m'kalasi pakati pa phunziro.

Nditatsegula buku lawo la kuchipatala ndinapeza kuti analandira ciprofloxacin kamodzi, metronidazole kawiri, ndi mafuta opaka atauzidwa kuti ndi mudzi. Pa tsamba la mwezi wa April panali dzanja langa. Ndine amene ndinalemba metronidazole wachiwiriyo, ndipo sindinawayeze kumunsi. Mzere unali wautali, ndinamva mawu oti magazi, ndinalemba, ndinaitana wotsatira. Chinanso, mayiwa ankagula ibuprofen pa okala chifukwa cha kupweteka kwa m'mimba, ndipo mankhwala a mtundu umenewu amatha kuyambitsanso kapena kukulitsa kutupa kwa matumbo. Tinawaletsa tsiku lomwelo.

Zomwe tinapeza

Thupi silinali lotentha, 36.8. Mtima unkagunda ka 84 pa mphindi. Hb (mlingo wa magazi) inali 10.9, ESR (muyeso wa kutupa m'thupi) 26. M'mimba munali mofewa, kungopweteka pang'ono kumunsi chakumanzere, ndipo dzanja linkamva chimbudzi cholimba chitaunjikana. Powayeza ndi chala, namwino ali pomwepo, sindinapeze chotupa kapena mudzi. Pa gulovu panabwera magazi ofiira ndi zoterera.

Wodwala wotere kuno kwathu sungayambe n'kuganiza za ulcerative colitis. Patsogolo pali amoeba, shigella, likodzo la m'matumbo, TB ya m'matumbo, kachilombo ka CMV mwa amene chitetezo chawo chatsika, matenda opatsirana pogonana monga chinzonono, chlamydia, herpes ndi chindoko omwe amatupitsa rectum (chigawo chomaliza cha thumbo), komanso khansa. Tinayeza chimbudzi katatu, masiku osiyana, chilichonse chikufika ku labu chisanazizire, chifukwa amoeba amaoneka akuyenda m'chimbudzi chongotuluka kumene. Sitinapeze amoeba kapena mazira a likodzo. HIV analibe, chindoko analibe, sanali oyembekezera, shuga anali bwino, X-ray ya pachifuwa inali yoyera. Popeza amapita kawirikawiri ku Nkhata Bay kwa apongozi awo n'kumasamba m'nyanja, tinawapatsa praziquantel 40 mg pa kilogalamu iliyonse ngakhale mazira sanaoneke, ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Izi tinachita poganizira za steroid (mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa) amene angadzafunike, pakuti strongyloides, mtundu wina wa njokazi, imatha kufalikira thupi lonse munthu akapatsidwa steroid.

Dokotala wamkulu wa ku wodi ya akuluakulu anawaunika ndi sigmoidoscope (chipangizo choonera m'kati mwa thumbo kudzera kumunsi) ine ndikuonerera. Khungu la m'kati mwa thumbo linali lofiira, lokhakhala ngati lawazidwa mchenga, ndipo kungolikhudza linkatuluka magazi. Kutupako kunayambira pakhomo penipeni, kosadukiza, mpaka pafupifupi masentimita 25, kenako malire ooneka bwino, ndipo kumtunda kwake thumbo linali labwinobwino. Panalibe zilonda zapatalipatali zokhala ndi khungu labwino pakati pake, monga zimakhalira ndi amoeba. Anatsina tinyama tingapo tomwe tinatumiza ku Lilongwe.

Zotsatira zinabwera patatha masiku 19. Zinaonetsa kutupa kwa nthawi yaitali m'khungu la m'kati lokha, ma crypt (timaenje ta m'khungulo) atapindika ndipo ena ali ndi mafinya, popanda granuloma (timfundo ta kutupa ngati timene timaoneka pa TB), mazira kapena amoeba. Apa tinakhutira kuti ndi ulcerative colitis ya ku rectum ndi sigmoid (chigawo cha thumbo cha kumtunda kwa rectum).

Chifukwa chomwe sitinapereke mapiritsi a prednisolone

Masiku 19 amenewo anali aatali kwa ine. Tsiku lomwelo la sigmoidoscope ndinkafuna kuyamba prednisolone 40 mg, yemwe ndi steroid wakumwa, koma adokotala anakana. Zifukwa zawo zinali ziwiri ndipo ndazigwiritsitsa mpaka lero.

Choyamba, steroid ukamupereka kwa munthu amene ali ndi amoeba, thumbo limatha kuwola n'kubooka m'masiku ochepa. Chimbudzi choyezedwa katatu chimachepetsa mantha koma sichiwathetsa. Mayiwa sanali pangozi, choncho tinkatha kudikira. Podikirapo tinawayambitsa sulfasalazine, mapiritsi ochepetsa kutupa kwa thumbo omwe si steroid, 500 mg kawiri patsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka 1 g katatu patsiku, pamodzi ndi folic acid. Tisanayambe ndinawafunsa ngati Bactrim kapena Fansidar wa ku sikelo anawatulutsapo zidzolo, popeza nawonso ali ndi sulfa ngati sulfasalazine. Anati ayi.

Chachiwiri chinali kukula kwa matendawo. Muyeso umene timagwiritsabe ntchito ndi wa Truelove ndi Witts wa mu 1955. Matenda amatchedwa aakulu ngati munthu akupita kuchimbudzi kwa magazi ka 6 kapena kuposera patsiku, kuphatikiza chimodzi mwa izi: mtima kugunda kuposa ka 90, kutentha kuposa 37.8, Hb yochepera 10.5, ESR yoposa 30. Wotereyo ndi wogoneka, wa steroid wa m'mitsempha, ndipo enema (mankhwala a madzi olowetsa kumunsi) yokha siingamupulumutse. Mayi athuwa sanafike pamenepo, ndiponso malo odwalawo anali oti mankhwala angafikeko kudzera kumunsi. Adokotala anati, "Bwanji tinyowetse thupi lonse ndi steroid, m'dziko lodzaza ndi TB, chifukwa cha kachigawo ka thumbo koti tingakafikire ndi kachubu?"

Kusankha mtundu wa mankhwala odzera kumunsi kumadalira pamene kutupa kwalekezera. Suppository (kambulu ka mankhwala kolowetsa kumunsi) imasungunuka n'kukhala mu rectum basi. A thovu amakwera mpaka ku sigmoid. Enema ya madzi imatha kufika pamene thumbo limakhotera pafupi ndi kapamba. Kwa masentimita 25, suppository yokha ikanasiya gawo lakumtunda. Ndinenenso poyera kuti pa matenda a kumunsi kuno mankhwala oyamba kusankha ndi mesalazine (wa gulu limodzi ndi sulfasalazine) wodzera kumunsi, amene amaposa steroid wodzera njira yomweyo. Steroid timamufuna mesalazine akakanika, akamuyipira wodwala, kapena akasowa. Ife tinalibe, ndipo mayiwa atafunsa m'mafamase a m'tauni sanampeze. Enema ya prednisolone ya 20 mg mu 100 ml ndi thovu la budesonide (steroid wina) la 2 mg nazonso kunalibe.

Chomwe chinalipo ndi timabotolo ta steroid wotchedwa hydrocortisone 100 mg, ta ufa, tomwe timabaya nato a mphumu. Adokotala analamula kuti kabotolo kamodzi kasungunulidwe mu 60 ml ya normal saline (madzi a mchere a dripi), usiku uliwonse, kalowetsedwe ndi sirinji yaikulu ndi kachubu kofewa. Si njira yachilendo: Truelove yemweyo ankapereka hydrocortisone kudzera kumunsi ku Oxford m'zaka za m'ma 1950. Ndinawafotokozera mayiwa mu ofesi, ndinawasonyeza kasungunulidwe, anati amva. Ndinawapatsa za milungu iwiri.

Milungu iwiri yotayika

Anabweranso osasintha. Magazi omwewo, maulendo omwewo. Nditafunsa ngati akuika mankhwala, anayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Eee adokotala, ndikuika." Ndinali nditayamba kale kulemba prednisolone pamene namwino wathu, mayi wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri kundiposa, anandigwira pamkono.

"Tadikirani kaye achimwene. Mundibwereke mayiwa pang'ono."

Anapita nawo kuchipinda chomangira mabala, n'kutseka chitseko. Patatha mphindi 20 anabwera yekha n'kundifotokozera.

Mayiwa ankaika mankhwalawo kubafa ya panja, madzulo kukangoda, atanyonyomala pa simenti yonyowa, chifukwa m'nyumba ana amagona pabalaza ndipo chipinda chilibe chitseko koma nsalu. Amuna awo sanawauze za mankhwalawa, ankaopa kuti awaona bwanji. Botolo la saline ankalibisa kuseri kwa ndowa pakhonde, ndiye m'nyengo ya July ya ku Mzuzu madziwo ankakhala ozizira ngati a m'firiji. Ankakankha sirinji yonse nthawi imodzi kuti amalize msanga wina asanagogode. Thumbo lotupa kale likalandira madzi ozizira mwadzidzidzi limafinya pompo, ndiye asanavale n'komwe zonse zinali zitatuluka. Masiku ena bafa ikakhala ndi anthu ankangolekeratu. Pa timabotolo 14, tisanu tinali tikadali m'chikwama, ndipo pa 9 tomwe anatsegula palibe ngakhale kamodzi kamene kanakhala m'thupi mphindi zisanu.

Ndikanalemba m'buku kuti steroid wodzera kumunsi wakanika, ndikanalemba bodza, ndipo aliyense wodzawaona pambuyo panga akanalikhulupirira. Mankhwalawo anali asanayesedwe n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti mukuika kodi. Ndimafunsa kuti mumaikira kuti, nthawi yanji, mutakhala bwanji, ndipo amakhalamo mphindi zingati.

Panalinso vuto lachiwiri lomwe ndinaliona tsiku loyamba koma osalichitapo kanthu: chimbudzi cholimba chija. Pa kutupa kwa kumunsi, thumbo lakumtunda nthawi zambiri limachita ulesi, munthu n'kudzimbidwa ngakhale akuthamangira kuchimbudzi kasanu. Wodwala amati akutsegula m'mimba, ifenso timakhulupirira. Chimbudzi choumacho chimakanda pa malo otupa ndipo chimapangitsa kuti enema ivute kusunga. Tinawapatsa mankhwala ofewetsa chimbudzi, n'kuwalimbikitsa kumwa madzi ambiri ndi kuyambiranso kudya phala m'mawa.

Tinagwirizana zowagoneka masiku atatu kuti aphunzire ndi manja awo. Namwino uja anapempha kuti akhale pa ntchito ya usiku woyamba. Momwe anawaphunzitsira ndi motere. Apite kaye kuchimbudzi, asambe m'manja. Asungunule mankhwala nthawi yomweyo, osasungiratu a mawa. Sirinji yodzaza aiike m'kapu ya madzi ofunda kwa mphindi zingapo, kenako adonthezere pang'ono pamkono monga timayesera mkaka wa khanda, asamve kutentha kapena kuzizira. Atulutse mpweya m'kachubu, apake jelly kunsonga. Agone chakumanzere pa pulasitiki yoyalidwa chitenje, mwendo wamanzere wowongoka, bondo lamanja lopindira kumimba. Alowetse kachubu mofatsa masentimita 7 mpaka 10, akamva kuwawa kapena kukana asakakamize. Akankhe pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Chilakolako chothamangira kuchimbudzi chikabwera, apume mozama, afinye, chimadutsa. Akhale chogona choncho mphindi 30, ndipo cholinga n'chakuti agone nawo mpaka m'mawa.

Usiku woyamba tinachepetsa madzi kufika 30 ml, mankhwala omwewo, kuti thumbo lizolowere. Anasunga mphindi 40. Usiku wachiwiri anasunga maola atatu. Wachitatu, ndi 60 ml yonse, anadzuka nawo m'mawa, ndipo anamuuza namwino akuseka kuti sanakhulupirire kuti n'zotheka.

Za amuna awo tinawasiyira okha kusankha. Tsiku lachiwiri anatipempha kuti tiwafotokozere ife. Bambowo ndi kalipentala, anabwera masana ndi utuchi m'tsitsi. Funso lawo loyamba linali lakuti matendawa ndi opatsirana kodi, ndipo anawatenga kuti. Ndinawauza kuti si opatsirana, sabwera chifukwa cha khalidwe kapena uve, koma chitetezo cha m'thupi ndicho chimalimbana ndi thumbo la mwini wake. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye vuto ndi chitseko basi? Chimenecho ndiika mawa." Mayiwa potuluka m'chipatala anakapeza chitseko chilipo.

Pa tsiku la 10 magazi anali atachepa kwambiri, maulendo atatsika kufika pa awiri. Pofika sabata yachitatu magazi ndi zoterera zinatheratu. Sitinasiye mwadzidzidzi. Anaika usiku uliwonse kwa milungu itatu, kenako kudumphitsa usiku umodzi kwa milungu ina itatu, n'kusiya. Sulfasalazine tinamutsitsa kufika 1 g kawiri patsiku kuti apitirize. Mwezi wa September Hb inali 12.1.

Kubweranso kwa matenda, ndi cholakwa chathu chachiwiri

Sanabwere pa tsiku lomwe tinapangana mu November, ndipo ifenso sitinawafunefune. Anatulukira mu February. Ndisanatsegule buku ndinaona nkhope: masaya atatupa mozungulira, ziphuphu pachibwano. Sikelo inaonetsa kuti awonjezera makilogalamu 5. BP inali 148/92, shuga wa m'mawa asanadye anali wokwera pang'ono, m'kamwa munali zoyera za candida (mafangasi), ndipo anati tulo sitikubwera.

Nkhani yake inali yomveka. Ataona kuti achira, ndiponso sulfasalazine ankawachititsa nseru ndi mutu, anasiya mu October. Kumapeto kwa November, nthawi yokonzekera mayeso a teremu, magazi anabwerera. Sanafune kujomba kusukulu kudzaima pa mzere. Njira anali akuidziwa bwino, sirinji ndi kachubu anali nazo, ndipo anapeza pogula timabotolo ta hydrocortisone popanda kalata ya dokotala. Anaika usiku uliwonse kwa milungu 10. Akayesa kusiya, magazi ankayambiranso pakatha masiku ochepa, iwo n'kubwereranso ku mankhwala.

"Ndimaona ngati poti sindikumwa, sangandipweteke," anatero.

Maganizo amenewa ndi ife tinawapatsa. Powalimbikitsa kuti avomere enema tinanena mobwerezabwereza kuti amagwira pamalo pomwepo, ndi abwino kuposa mapiritsi. Sitinanene momveka kuti gawo lina la hydrocortisone limalowa m'magazi kudzera m'thumbo, makamaka thumbo likakhala lotupa, ndipo pakapita milungu yambiri limachita zomwe mapiritsi amachita: kutupitsa nkhope, kukweza BP ndi shuga, kufooketsa mafupa, kutsitsa chitetezo, ndi kugonetsa ma adrenal (tiziwalo ta pamwamba pa impso topanga steroid wa thupi). Sitinanenenso kuti steroid amazimitsa moto koma saletsa kuti uyakenso. Sagwiritsidwa ntchito posunga munthu kuti akhalebe bwino, ntchito imeneyo ndi ya sulfasalazine kapena mesalazine. Mayiwa anasiya mankhwala oyenera kupitiriza n'kupitiriza oyenera kusiya, ndipo m'buku lawo munalibe mzere ngakhale umodzi wowachenjeza.

Apa ngozi inali kuwauza kuti asiye lero lomwe. Pambuyo pa milungu 10 ma adrenal akhoza kukhala atagona, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kufooka, kusanza ndi kutsika kwa BP. Adokotala anakonza zotsitsa pang'onopang'ono kwa milungu 6: theka la kabotolo usiku uliwonse, kenako kudumphitsa, kenako kawiri pa sabata. Tinawauza iwo ndi amuna awo kuti akadwala malungo, akayamba kusanza kapena kuchita chizungulire, abwere msanga ndipo anene kuti akhala pa steroid. Tinayezanso chimbudzi ndi TB, chifukwa kubwereranso kwa magazi mwa munthu wa colitis kukhoza kukhala matenda ena ongomugwera. Zonse zinali bwino. Candida tinamuthana ndi nystatin. Sulfasalazine tinamuyambiranso pa 500 mg, akumwa atadya, kukweza mochedwerapo kusiyana ndi poyamba, ndipo nseru siinabwerenso.

Sigmoidoscope yachiwiri inaonetsa kuti kutupa kwatsala masentimita 10 omaliza okha. Apa suppository inali yokwanira. Mlamu wawo amagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye adokotala analemba kalata, ndipo ma suppository a mesalazine 1 g anabwera ndi munthu wa pa basi. Anayamba imodzi usiku uliwonse pamene hydrocortisone akutsika. Zimenezi ndi zomwe zinatheketsa kusiya steroid popanda magazi kubwerera. Suppository saivutikira: palibe kusungunula, palibe kufunditsa, ndipo kuisunga n'kosavuta.

Ndionjezepo mawu awiri okhudza budesonide, popeza anzanga ena amamuona m'manja mwa odwala ochokera kunja n'kumaganiza kuti alibe vuto. N'zoona kuti pafupifupi 90 peresenti ya amene walowa amaphwanyidwa ndi chiwindi asanazungulire thupi, n'chifukwa chake zovuta zake zimachepa poyerekeza ndi hydrocortisone. Koma ritonavir amatseka njira imene chiwindi chimaphwanyira budesonide. Wodwala amene ali pa ma ARV okhala ndi atazanavir kapena lopinavir pamodzi ndi ritonavir akhoza kutupa nkhope ngati mayiwa ngakhale akuika mlingo woyenera. Ambiri mwa odwala athu ali pa dolutegravir, amene alibe vutoli, koma buku la ma ARV liyenera kutsegulidwa tisanavomereze.

Momwe alili pano

M'buku lawo, pa chikuto cha m'kati, adokotala analemba ndi cholembera chofiira dzina la matenda, mankhwala osayenera kusiya, ndi mawu akuti hydrocortisone asayambidwe popanda kuyeza chimbudzi ndiponso asapitirire tsiku limene lalembedwa. Namwino uja anawapatsa masiku a Lachitatu masana, ataweruka kusukulu, kuti asamaime pa mzere wa m'mawa, ndipo akajomba timawaimbira foni.

Ndinawaona sabata yatha. Nkhope inabwerera mwakale, BP 118/76, shuga ali bwino, Hb 12.6. Patha miyezi 5 osaona magazi. Suppository akuika katatu pa sabata, sulfasalazine akumwa tsiku lililonse. Vuto lomwe latsala ndi la kapezedwe ka mesalazine: atsala ndi bokosi limodzi, ndipo tikuyesa kufunsa ku mafamase a ku Lilongwe ngati angaitanitse. Akathera pakati, tagwirizana kuti apitirize sulfasalazine n'kubwera kudzationa, osabwerera ku timabotolo tija paokha.

Atatsala pang'ono kutuluka anafunsa ngati n'zotheka kudzakhalanso ndi mwana. Ndinawauza kuti n'zotheka, ndipo nthawi yabwino yotenga pakati ndi pamene matenda ali phee monga panopa, osasiya mankhwala. Tinakweza folic acid kufika 5 mg patsiku chifukwa sulfasalazine amachepetsa folate m'thupi. Adzabweranso ndi amuna awo Lachitatu loyamba la mwezi wamawa kuti akambirane ndi adokotala.